Wapachala ndi Wamphepo

Fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ndi wamphepo. Mwambi umenewu unabadwira pakati pa anthu okoka fodya wopera, amene ankadziwa kuti kuchokera pamene munthu watsina fodya m'kabotolo kufikira pamene wamufikitsa pamphuno pali kaulendo kakafupi kwambiri, koma kokwanira kuti kamphepo kadutse n'kumusiya ndi chala chopanda kanthu. Kawirikawiri mwambiwu umanenedwa pochenjeza munthu amene akudalira lonjezo kapena amene akuwerengera chuma chimene sichinafike m'manja mwake, komabe ukaunikidwa mofatsa umaoneka kuti ukunena zozama kuposa pamenepo, pakuti fodya wa pachalayo ali kale m'dzanja la mwini wake, palibe akumulanda, koma mwambi ukukanabe kumutcha wake. Kwa makolo, chinthu chinkakhala cha munthu pokhapokha chikafika pamalo pamene chimagwira ntchito yake.

Nzeru imeneyi ikukhudza kwambiri kachipangizo kothandizira kumva, kamene kamavalidwa kuseri kwa khutu kapena m'kati mwake, ndipo kali ndi maikolofoni yotola mawu, kagawo kowakuza, kasipika kowatumiza m'khutu ndi kabatire kopereka mphamvu. Alipo akuluakulu amene anayenda mtunda wautali, anapimidwa, analandira kachipangizoka, nabwerera kwawo ali ndi chimwemwe, koma patangopita masabata ochepa anakakulunga m'kansalu n'kukaika pansi pa sutikesi pamodzi ndi makadi a kuchipatala ndi zikalata za munda. Akafunsidwa amayankha kuti ali nako, ndipo sakunama, koma ali nako monga mmene wokoka fodya alili ndi wapachala.

Kuti zimveke chifukwa chake nkhaniyi ili yovuta kwa munthu wamkulu, ndi bwino kuyamba ndi liwu lakuti kumva, limene m'Chichewa limasenza katundu wolemera. Kumva ndi kulandira mawu ndi khutu, komanso ndi kuzindikira tanthauzo lake, ndi kumvera malangizo, ndiponso ndi kukhudzidwa m'thupi kapena mumtima, monga pamene munthu amva ululu, njala kapena chisoni. Choncho liwu lakuti wosamva limagwera anthu awiri osiyana kotheratu, wina amene khutu lake lafooka ndi wina amene mtima wake wauma, ndipo miyambi yambiri yokhudza kusamva imadzudzula wachiwiriyu, monga uja wonena za samva za anzake amene anamva nkhwangwa ili m'mutu. Mkulu amene wakhala zaka zambiri akulangiza ana osamva sangalandire mosavuta dzina lomwelo pa iye mwini, ngakhale litakhala ndi tanthauzo lina, ndipo liwu lakuti gonthi, limene anthu ena amaligwiritsabe ntchito mosasamala, limabaya koposa. Nkhutukumve anasankha yekha kutseka makutu ake, pamene wokalamba amene makutu ake afooka sanasankhe kanthu, ndipo n'kulakwa kwakukulu kuti chilankhulo chiwamange awiriwa mtolo umodzi.

Zimene zimachitika m'khutu zilibe mlandu wa khalidwe. Mawu akalowa amagwedeza kanembanemba kooneka ngati chikopa cha ng'oma, kugwedezekako kumadutsa m'timafupa titatu tating'onoting'ono, kenako kumafika m'kachiwalo kopindika ngati chigoba cha nkhono, kamene akatswiri amakatcha cochlea, dzina lochokera ku liwu lakale lotanthauza nkhono yomweyo. M'kati mwake muli timaselo pafupifupi 15,000 tokhala ndi tinthu tonga ubweya, ndipo ntchito yake ndi kusandutsa kugwedezeka kuja kukhala uthenga wopita ku ubongo kudzera mumtsempha wa kumva. Timaselo timeneti tikafa sitimeranso mwa munthu, ndipo timene timayamba kufa ndi ukalamba ndi tija timatola mawu okwera, opyapyala, monga kulira kwa nkhululu kapena kamvekedwe ka s, f ndi ts m'mawu a munthu. Pamenepa ndi pamene pagona chinsinsi cha dandaulo limene okalamba ambiri amalibwereza, lakuti anthu a masiku ano amalankhulira m'kamwa. Malembo a liwu, a, e, i, o ndi u, ndi amphamvu ndipo amamvekabe, koma timalembo topyapyala timene timasiyanitsa kuseka ndi kutseka, kusala ndi kutsala, kusula ndi kufula, timazimirira, kotero munthu amamva ndithu kuti mnzake akulankhula koma mawuwo amafika ngati nsalu yodyedwa ndi njenjete, ndipo ubongo umakakamizika kusoka zigamba mwa kungoganizira. Ntchito yosoka zigambayo ndi yotopetsa, ndipo ndi chifukwa chake mkulu wotere amabwera kuchokera ku msonkhano wa maola awiri atalema ngati wachokera kolima.

Pali mwambi wina wakuti wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, kutanthauza kuti mwini vuto ndiye amayamba kufuna thandizo, koma kufooka kwa makutu kumaupotoza mwambiwu chifukwa sikupweteka ndipo kumabwera pang'onopang'ono kwa zaka zambiri. Amene amayamba kumva m'mimba ndi apabanja, amene amaona wailesi ikukwezedwa chaka ndi chaka, amatopa ndi kubwereza mawu katatu, ndipo pomaliza amayamba kunena kuti basi zisiyeni, sizinali zofunika. Ukalamba si wokhawo umene umabweretsa vutoli. Phokoso la chigayo kwa munthu amene wagwiramo ntchito zaka zambiri popanda chotchinga m'makutu, makina ocheka matabwa ndi opala zitsulo, zimkuzamawu za pa zikondwerero, mafinya a m'khutu amene sanachiritsidwe paubwana, matenda oumitsa khosi, ndi mankhwala ena amphamvu monga jakisoni wa kanamycin amene ankaperekedwa kwa odwala chifuwa chachikulu chosamva mankhwala, zonsezi zimatha kuwononga kumva, ndipo kawirikawiri zimaunjikana mwa munthu mmodzi.

Kukula kwa mawu kumayezedwa ndi muyezo wotchedwa decibel, ndipo kunong'ona kuli pafupi ndi 30 pamene kucheza wamba kuli pafupi ndi 60. Bungwe Loona za Umoyo Padziko Lonse, la WHO, limawerengera kuti munthu ali ndi vuto lolepheretsa pamene khutu lake labwinopo silitha kutola mawu osapitirira 35, ndipo mu lipoti lake la 2021 lonena za kumva linati anthu pafupifupi 430 miliyoni padziko lapansi akufunika thandizo pa vuto lotere, komanso kuti mwa anthu 100 alionse amene kachipangizo kothandizira kumva kangawapindulire, pafupifupi 17 okha ndi amene amakagwiritsa ntchito. Ku Malawi, kafukufuku amene anachitika m'boma la Ntcheu mu 2018 pakati pa anthu a zaka 50 ndi kupitirira anapeza kuti pafupifupi mmodzi mwa atatu alionse anali ndi kufooka kwa makutu kwa mlingo wina. Malo opimira makutu ndi kuperekera tizipangizoti ndi ochepa, ndipo odziwika kwambiri ndi chipatala cha makutu cha pa Queen Elizabeth Central Hospital ku Blantyre ndi cha pa African Bible College ku Lilongwe, kuphatikizapo maulendo amene ogwira ntchito m'malowa amapanga opita m'maboma. M'dziko limene kachipangizo kamodzi kamadutsa m'manja ambiri chotere kasanafike pa khutu la munthu, kukapeza kali m'sutikesi ndi chinthu chomvetsa chisoni kawiri, chifukwa mwini wake sakumva, ndipo ena ambiri amene akanakavala sanakaonepo n'komwe.

Komabe kudzudzula munthu wotere kungakhale kupanda chilungamo ngati sizinamveke zimene amakumana nazo m'masiku oyamba. Mayi wachikulire amene wakhala zaka khumi m'dziko lachete akavala kachipangizoka n'kufika pakhomo pake, zimene zimamulonjera poyamba si mawu okoma a zidzukulu ayi. Chimene amamva ndi tsache likukwekwesa pabwalo ngati likusesa m'mutu mwake, mbale zachitsulo zikugundana m'beseni, nkhuku zikupalasa, pepala la pulasitiki likuchita phokoso ngati moto wolusa m'tchire, ndiponso mvula ikagwa padenga la malata zimakhala ngati nyumba ikugumuka. Mawu ake omwe amamveka achilendo, ngati akulankhulira mumtsuko, chifukwa kachotsekera kamene kanaumbidwa molingana ndi khutu lake katseka njira, ndipo ngakhale kutafuna chimanga chokazinga kumamusokosa. Pofika madzulo mutu ukuwawa, khutu latentha, ndipo maganizo amene amamufikira ndi akuti kachipangizoka n'kowonongeka kapena sikanamuyenere.

Chimene chikuchitika pamenepa chili muubongo koposa m'khutu. Ubongo wa munthu wakumva bwino umagwira ntchito yosefa nthawi zonse, umakankhira kumbuyo phokoso la tsache ndi la nkhuku n'kukweza mawu a munthu amene akulankhula, ndipo mwini wake sadziwa n'komwe kuti kusefako kukuchitika. Ubongo umene wakhala zaka zambiri osalandira phokoso lotere umaiwala kasefedwe kake, ndipo likabwerera mwadzidzidzi umalilandira lonse ngati uthenga wofunika. Luso losefalo limabwerera, koma limabwerera mwa kuzolowera, kumene kumatenga masabata angapo ndipo kwa ena miyezi, ndiponso kumachitika pokhapokha ubongo ukumva phokosolo tsiku ndi tsiku. Apa ndi pamene anthu amalakwitsa poyerekeza kachipangizoka ndi magalasi a maso, amene munthu akangowavala malembo amaoneka nthawi yomweyo. Kachipangizo ka m'khutu sikabwezeretsa timaselo timene tinafa, kamangothandiza timene tatsala, ndipo phindu lake limadza mwakachetechete. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo mwambiwu ukuyenera bwino pano pamene nkhono yake ili m'kati mwa mutu wa munthu. Ndi chifukwa chake akatswiri a makutu amalangiza kuti woyamba kumene ayambire pamalo a bata, pocheza ndi munthu mmodzi kapena awiri, aziwonjezera maola tsiku ndi tsiku kufikira atamakavala kuyambira podzuka mpaka pogona, kupatula posamba.

Pali chizolowezi china chimene chimalimbana ndi langizo limeneli, ndipo n'chovuta kuchigonjetsa chifukwa mwa icho chokha ndi khalidwe labwino. Anthu amene anakulira m'kusowa anaphunzira kusunga chinthu cha mtengo wapatali kuti chidikire tsiku lalikulu, monga nsapato za kutchalitchi, jekete la pa ukwati, kapena mbale zadothi zodyera alendo. Kachipangizo kothandizira kumva kakalowa m'nyumba yotere kamalandira ulemu womwewo, kamatulutsidwa Lamulungu, pa maliro ndi pa msonkhano wa kwa amfumu, kenako kamabwezedwa. Koma malo amenewa ndi omwe ali ovuta koposa onse, pakuti muli anthu ambiri olankhula nthawi imodzi, nyimbo, zimkuzamawu ndi mawu obwerera kuchokera m'makoma, ndipo ubongo umene sunaphunzire kusefa pakhonde la panyumba sungayambire kuphunzira m'chinamtindi cha anthu. Munthuyo amabwerako atakhumudwa, chikhulupiriro chake chakuti kachipangizoka n'kachabe chimalimba, ndipo Lamulungu lotsatira amakasiya. Nsapato zimatha ndi kuvalidwa, koma phindu la kachipangizoka limatha ndi kusungidwa.

Kumbuyo kwa kusungaku kulinso nkhawa ya mabatire, imene siyenera kupeputsidwa. Timabatire ta tizipangizoti n'tating'ono ngati batani la malaya, timagwira ntchito ndi mpweya, ndipo timabwera titamatidwa ndi kapepala ka mtundu wosonyeza kukula kwake, kachikasu pa nambala 10, kofiirira pa 312, kaolenji pa 13 ndi kabuluu pa 675. Kapepalako kakangomatulidwa mpweya umalowa m'timabowo ndipo kabatire kamayamba kutha, kaya kakugwira ntchito kaya ayi, kotero munthu amene wamatula kapepala Lamulungu n'kusunga kachipangizo kufikira mwezi wamawa sanapulumutse zambiri monga mmene akuganizira. Kabatire kamodzi kamatha pakati pa masiku angapo ndi masabata awiri kapena atatu, malinga ndi kukula kwake ndi mphamvu ya kachipangizo, ndipo timabatire totere sitipezeka m'magolosale a kumudzi. Ana ndi adzukulu amene ali m'tauni kapena ku Johannesburg, amene amakumbukira kutumiza shuga, sopo ndi ndalama ya feteleza, angachite bwino kuika timabatireti pa mndandanda womwewo, chifukwa kholo silingapemphe chinthu chimene likuchiona ngati chodzisangalatsa nacho lokha.

Za manyazi zimanenedwa kawirikawiri, ndipo n'zoona kuti magalasi amapatsa munthu maonekedwe a wophunzira pamene kachipangizo ka kukhutu ena amakaona ngati chizindikiro chakuti munthu watha. Chimene wobisayo sachiona n'chakuti kusamva kumaonekera kuposa kachipangizo. Kumaonekera pamene wafunsidwa za mwana wodwala iye n'kuyankha za mtengo wa chimanga, pamene aseka mochedwa chifukwa waona ena akuseka, ndiponso pamene anthu ayamba kunong'onezana kuti agogo ayamba kusokonekera mutu, chonsecho mutu uli bwinobwino.

Koma chifukwa chachikulu chimene mkulu ayenera kuvalira kachipangizo kake chili m'mwambi wakuti akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto. Moto wolusa umathamanga m'tchire louma, ukafika padambo umazirala chifukwa pamenepo pali chinyezi, ndipo chimodzimodzi mkangano wa m'banja kapena wa m'mudzi umazirala ukafika kwa munthu wamkulu. Anthu amakonda kuganiza kuti chinyezi cha mkulu chili m'mawu ake, koma mawu amene amazimitsa moto ndi okhawo amene atuluka pambuyo pa kumvetsera kwa nthawi yaitali. Nkhoswe imamva mbali ya mwamuna ndi ya mkazi isanatsegule pakamwa, nduna ya mfumu pabwalo imatola liwu limodzi limene mboni yalinena motsitsa n'kupeza pamene pagona mlandu, ndipo namkungwi amazindikira mantha a mtsikana m'kanjenjemera ka mawu ake. Nkhani zolemera sizinenedwa mokuwa. Mdzukulu amene watenga pakati ali pasukulu, mpongozi amene akumenyedwa, mwana amene wabwera ndi zotsatira za kuchipatala, onsewa amalankhula chapansipansi, maso ali pansi, nthawi zambiri madzulo pamene nkhope sizioneka bwino, ndipo akauzidwa kuti abwereze mokweza pamene ena ali pafupi, ambiri amangoti panalibe kanthu n'kunyamuka. Mkuluyo amatsala pampando wake, ulemu wake uli wonse, moni akulandirabe, koma moto wayamba kulambalala dambo n'kukapsereza kwina, ndipo iye amamva za nkhaniyo itatha kale. Kuvala kachipangizo kwa munthu wotere ndi mbali ya udindo wake kwa anthu amene amamudalira, mofanana ndi mmene kunola khasu kulili mbali ya ulimi.

Kudzipatula kumene kumatsatira kusamva kumakhudzanso thanzi la ubongo. Gulu la akatswiri limene magazini ya zachipatala ya The Lancet inalisonkhanitsa kuti liunike matenda oiwalaiwala a muukalamba, otchedwa dementia, linaika kufooka kwa makutu pakati pa zinthu zikuluzikulu zowonjezera chiopsezo zimene munthu angathe kuchitapo kanthu, m'malipoti ake a 2017, 2020 ndi 2024. Kafukufuku wotchedwa ACHIEVE, amene anatsatira anthu 977 a zaka 70 mpaka 84 ku United States kwa zaka zitatu ndipo zotsatira zake zinatuluka mu 2023, sanapeze kusiyana pa gulu lonse, koma pakati pa amene anali kale pa chiopsezo chachikulu, kufooka kwa luso la kuganiza ndi kukumbukira kunachedwa ndi pafupifupi theka mwa amene analandira tizipangizo ndi uphungu. Choncho si zoona kunena kuti kachipangizoka ndi katemera wa kuiwala, koma pali chifukwa chokwanira chokhulupirira kuti ubongo umene ukulandirabe mawu a anthu, nthabwala, mikangano ndi nyimbo umakhala ndi chakudya chimene ubongo wotsekeredwa m'chete umachisowa.

Apabanja nawonso ali ndi gawo lawo, ndipo kawirikawiri amalilakwitsa ndi mtima wabwino. Kukuwa kumapotoza mawu, kumaumitsa nkhope ya wolankhula kuti aoneke ngati wakwiya, ndipo kwa munthu wovala kachipangizo kumapweteka. Chothandiza ndi kuyamba wamuitana munthuyo kuti atembenuke, kukhala moyang'anana naye pamalo owala kuti aone milomo, kutsitsa wailesi, kulankhula momveka popanda kuthamanga, ndipo ngati sanamve, kunena chinthu chomwecho ndi mawu ena m'malo mobwereza omwewo mokweza. Mwambo wa ulemu umene umafuna kuti wamng'ono agwade chapatali, ayang'ane kumbali ndi kutsitsa mawu polankhula ndi apongozi kapena agogo unapangidwa kuti ulemekeze mkulu, ndipo pamene ukumulepheretsa kumva, ulemu weniweni ndi kusendera pafupi. Kulikalipira kholo ngati mwana chifukwa laiwala kuvala kachipangizo sikupindula kanthu, pamene kulithokoza kuti lero kucheza kwakoma kumalipatsa chifukwa chokavaliranso mawa.

Zambiri zimene zimachititsa munthu kutaya mtima ndi zazing'ono ndipo zimakonzeka. Kachipangizo kakamalira mokhala ngati likhweru, nthawi zambiri ndiye kuti kachotsekera sikanalowe bwino, kapaipi kake kang'ambika, kapena m'khutu mwadzaza phula limene likubweza mawu. Kakangoti zii mwadzidzidzi, kawirikawiri vuto ndi kabatire kapena kabowo kotsekeka ndi phula kapena dontho la madzi. Kachotsekera kakamatupitsa khutu kangathe kupalidwa kapena kuumbidwanso, ndipo mawu akamamveka okwera mopyoza, katswiri angathe kukonza kachipangizoko pa kompyuta molingana ndi zotsatira za kupima, ndiye chifukwa chake ulendo wachiwiri wa kuchipatala uli wofunika ngati woyamba. Pano safunsa amadyadi phula. Khutu lotuluka mafinya, lopweteka, kapena limene lasiya kumva mwadzidzidzi likufunika dokotala msanga, osati kuthiramo mafuta kapena kulitokosa ndi kamtengo ka machesi kapena nthenga ya nkhuku. Aliponso anthu amene kusamva kwawo n'kwakukulu kotero kuti kachipangizo kamawathandiza pang'ono, ndipo ambiri a iwo ali ndi chilankhulo chawo cha manja chimene ndi chokwanira pachokha, kotero zonse zanenedwazi zikukhudza makamaka munthu amene anakula akumva ndi kulankhula, amene makutu ake afooka m'kupita kwa zaka.

Mdani wamkulu wa kachipangizoka m'dziko lotentha ndi chinyezi, thukuta la mwezi wa Okutobala ndi mnyontho wa m'dzinja, pamodzi ndi fumbi la m'chilimwe. Usiku kamavulidwa, kamapukutidwa ndi kansalu kouma, kachitseko ka batire kamatsegulidwa kuti mpweya upite ndi kuti mphamvu isathe pachabe, ndipo kamagonekedwa m'kabotolo kotseka bwino momwe muli timiyala toyamwa chinyezi, kutali ndi moto, ndiponso pamene ana aang'ono sangafike, chifukwa kabatire kakamezedwa n'koopsa kwambiri. Malo a kabotoloko ndi pafupi ndi mphasa kapena bedi, pambali pa magalasi ndi mankhwala a m'mawa, pamene dzanja limafika munthu asanatuluke kukalandira moni woyamba wa tsikulo.